Nambala ya pa chithunzi cha nsagwada isamatengedwe ngati muyeso wa mafupa

Bwana Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya makina ojambulira mano ndi nsagwada otchedwa CBCT, makamaka pa chizolowezi chimene chikukula chouza odwala kuti makinawa awayeza kulimba kwa mafupa. Makinawa ndi abwino, ndipo aliyense amene akudziwa mmene ntchito ya mano inkayendera iwo asanabwere sangakane kuti anapeputsa zinthu zambiri. Komabe nambala imene imatuluka pa kompyuta dokotala akaloza malo ena a fupa si muyeso weniweni wa kuthithikana kwa fupalo, ndipo kuigwiritsa ntchito monga umboni wakuti munthu ali ndi matenda ofooketsa mafupa, kapena wakuti alibe, n'kupatsa makinawa ntchito imene sanapangidwire.

Kuti nkhaniyi imveke tiyenera kuyambira komwe nambalayi inachokera. M'chaka cha 1971, pa chipatala cha Atkinson Morley ku London, wodwala woyamba anajambulidwa ndi makina ojambula m'kati mwa thupi otchedwa CT, omwe anakonzedwa ndi Godfrey Hounsfield, katswiri wa zamagetsi wa kampani ya EMI, yemwe m'chaka cha 1979 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg. Chinthu chimodzi chimene chinapangitsa makina amenewa kukhala odalirika n'chakuti nambala zake zinamangiriridwa pa zinthu ziwiri zosasintha: madzi anapatsidwa 0, mpweya unapatsidwa -1000, ndipo china chilichonse m'thupi chimapeza malo ake poyerekeza ndi ziwirizi. Mafuta amagwera pansi pa 0, minofu imakwera pang'ono pamwamba pa 0, pamene khungwa lolimba la fupa limapyola 1000. Muyeso umenewu ndi umene umalembedwa HU, potengera dzina la Hounsfield. Makina a CT a m'zipatala amayesedwa kawirikawiri pojambula chidebe cha madzi, ndipo akapezeka kuti asokonekera amakonzedwa mpaka madziwo awerengenso pafupi ndi 0. N'chifukwa chake madokotala awiri a m'mayiko osiyana angathe kukambirana za nambala imodzi n'kumvana.

Makina a CBCT ndi achibale a CT, koma kajambulidwe kawo n'kosiyana. Anayamba kuoneka m'ntchito ya mano chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene gulu lina ku Verona m'dziko la Italy linatulutsa makina a NewTom, ndipo gulu lina ku Japan linapanga makina ojambula kadera kakang'ono ka nsagwada. M'malo motumiza cheza chopyapyala cha X-ray chimene chimajambula thupi kagawo ndi kagawo monga imachitira CT, CBCT imatumiza cheza chimene chimatuluka pa kadontho kamodzi n'kumatambasuka mbali zonse mpaka kukagwera pa chimbale chachikulu cholandirira kuseri kwa mutu. Makinawo amazungulira mutu kamodzi kokha, nthawi zina theka la ulendo, kawirikawiri m'masekondi osapitirira 40, n'kutola zithunzi mazanamazana zimene kompyuta imaziphatikiza kuti ipange nsagwada yooneka mbali zonse. Kapangidwe kameneka ndi komwe kanachititsa kuti makinawa akhale aang'ono, okwana m'chipinda cha dokotala wa mano, ndiponso otha kuonetsa tinthu ting'onoting'ono tosakwana theka la milimita. Kapangidwe komweko ndi komwenso kamasokoneza nambala.

Vuto loyamba ndi cheza chomwazika. Cheza chikalowa m'mutu, china chimagunda minofu ndi mafupa n'kupatuka, ndipo popeza chimbale cholandiriracho n'chachikulu, chimalandira ndi chopatukacho chomwe, kompyuta n'kuchiwerengera ngati kuti chinadutsa molunjika. Zotsatira zake n'zakuti chinthu chimene n'chofanana ponseponse chimaoneka choderako chapakati kusiyana ndi m'mphepete. Vuto lachiwiri limabwera chifukwa cheza cha X-ray sichikhala champhamvu imodzi: mbali yofooka imamwedwa msanga ikangolowa m'fupa, yotsalayo imakhala yamphamvu yokhayokha imene imadutsa mosavuta, ndiye fupa limene lili kuseri kwa fupa linzake lokhuthala limaoneka lofewa kuposa mmene lilili. Koma vuto limene ndikuona kuti anthu ambiri saliganizira ndi lachitatu, lomwe limachokera pa chinthu chimene chimayamikiridwa kwambiri pa makinawa, ndicho kujambula kadera kakang'ono. Dokotala akasankha kujambula mano awiri kapena atatu okha pofuna kuchepetsa cheza, cheza chimadutsabe m'tsaya, m'lilime, m'mano a mbali inayo ngakhalenso m'mafupa a khosi, koma zonsezi zili kunja kwa kadera kojambulidwako, ndipo kompyuta, posadziwa bwino kuti kunjako kuli chiyani, imagawira kuchepa kwa chezako pa zinthu za m'katimo. Tikaonjezapo zitsulo za m'kamwa, monga zomatira mano obooka, zisoti za mano ndi mawaya owongolera mano, zimene zimalemba mizere yoyera ndi yakuda pachithunzi, komanso kugwedezeka pang'ono kwa wodwala pomeza malovu, tipeza kuti nambala ya malo amodzi imadalira zinthu zambiri zimene sizikukhudzana ndi fupalo.

Amene anaonapo ntchitoyi ikuchitika adziwa zimene ndikunena. Dokotala amatsegula chithunzi, n'kuika kamuvi ka kompyuta pamalo pomwe panazulidwa dzino, ndipo pakona pamatuluka nambala, tinene 620, pambali pake patalembedwa HU. Akasuntha kamuviko pang'ono chabe, nambala ija imalumphira pa 300 kapena pa 900, chifukwa fupa la m'kati ndi la timabowo, ndipo kamuviko mwina kagwera pa kamzati ka fupa, mwina m'kabowo ka mafuta. Akajambula kabwalo kuti kompyuta itenge nambala yapakati, zinthu zimakhazikikako, komabe wodwala yemweyo atakhalanso pampando ndi mutu wopendekera pang'ono, kapena atajambulidwa kadera kokulirapo, kapena atapita pa makina a kampani ina, kabwalo komweko kangapereke nambala ina. Fupa silinasinthe m'mphindi khumi zimenezo. Zilembo ziwiri za HU zimene mapulogalamu ena amaika pamenepo ndi zimene zimanyenga, pakuti zimabwereka ulemu wa muyeso wa Hounsfield pomwe nambalayo ikungonena kuti malowo ndi oyera kapena akuda motani pachithunzi chimenecho. Zili ngati sikelo imene singano yake siyambira pa malo amodzi tsiku lililonse: ingakuuzeni kuti mwa katundu awiri amene mwayeza nthawi imodzi wolemera ndi uti, koma singakuuzeni kulemera kwenikweni kwa aliyense.

Sindikunena kuti madokotala a mano amafuna nambalayi popanda chifukwa. Chifukwa chilipo, ndipo n'chachikulu. Kuyambira mu 1965, pamene Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden anaika mwa wodwala woyamba timisomali ta chitsulo cha titanium togwirira mano oikirira, zinadziwika kuti kamsomali kamene kalowa m'fupa lofewa kamavuta kugwira. M'chaka cha 1985 Lekholm ndi Zarb anagawa fupa la nsagwada m'magulu anayi, kuyambira lolimba lokhalokha mpaka la khungwa lopyapyala lokhala ndi m'kati mwa timabowo tikulutikulu, ndipo kafukufuku wa Jaffin ndi Berman wa mu 1991 anapeza kuti m'gulu lachinayilo timisomali pafupifupi 35 pa 100 tinalephera kugwira, pamene m'magulu atatu enawo tinalephera pafupifupi 3 pa 100. Timisomali ta masiku ano, tomwe kunja kwake kumakonzedwa mokhakhala, timagwira bwinoko m'fupa lofewa kusiyana ndi ta nthawi imeneyo, komabe dokotala aliyense amafuna kudziwiratu chimene akakumane nacho, makamaka kumbuyo kwa nsagwada ya m'mwamba kumene fupa limakonda kukhala lofewa, mosiyana ndi kutsogolo kwa nsagwada ya m'munsi kumene limakhala lolimba kwambiri. Carl Misch nayenso anagawa fupa m'magulu a D1 mpaka D4, ndipo maguluwa anadzapatsidwa malire a nambala: D1 kupyola 1250, D2 kuyambira 850 mpaka 1250, D3 kuyambira 350 mpaka 850, D4 kuyambira 150 mpaka 350. Malire amenewa ndi a muyeso wa CT ya m'chipatala. Kuwatenga n'kukawaika pa nambala za CBCT, monga mmene ena amachitira ndi mtima wonse, n'kumene kumabweretsa chisokonezo, chifukwa fupa limodzi lingatchedwe D2 pa makina awa n'kutchedwa D3 pa makina enawo.

Kunena chilungamo, akafukufuku ambiri anapeza kuti nambala za CBCT zimakwera ndi kutsika motsatira za CT, ndiye kuti pa makina amodzi, otcheredwa mofanana, chinthu chothithikana chimapereka nambala yaikulu kuposa chosathithikana. Zimenezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake kuyerekeza malo awiri a pachithunzi chimodzi kuli ndi phindu lake. Koma kutsatana kwa nambala si kufanana kwa nambala, ndipo ubwino umene umaoneka pojambula tizidutswa toyesera toikidwa pakatikati pa makina umachepa mukajambula mutu wa munthu wamoyo wokhala ndi zitsulo m'kamwa. Njira yodziwika yopezera muyeso weniweni pa CT ndi kujambula wodwala pamodzi ndi tizidutswa tomwe kuchuluka kwa mchere wa m'mafupa m'kati mwake kukudziwika kale, kenaka n'kuwerengera nambala za fupa poyerekeza ndi tizidutswato. Ena ayesa kuchita chimodzimodzi pa CBCT, koma popeza kulakwitsa kwa makinawa kumasiyana malo ndi malo pachithunzi chimodzi, kachidutswa kamene kali patsaya sikangakonze mokwanira nambala ya fupa lomwe lili m'katikati mwa nsagwada.

Pamene CBCT ilibe mnzake ndi pa kuonetsa maonekedwe ndi kukula kwa fupa. Imasonyeza bwino kuti fupa n'lalitali mamilimita angati, n'lalikulu motani m'lifupi, lapendekera kuti, mtsempha waukulu wa m'nsagwada ya m'munsi wadutsa pati kuti dokotala asiye mpata wa mamilimita 2 poboola, ndiponso mphako ya mpweya ya pamwamba pa mano a m'mwamba yatsika kufika pati. Imasonyezanso kukhuthala kwa khungwa la fupa ndi mmene timizati ta m'kati tayalidwira, ndipo diso la dokotala wozolowera limaphunzira zambiri pa zimenezi kuposa pa nambala. Chiweruzo chomaliza chimabwerabe pa tsiku la opaleshoni, chobowolera chikalowa m'fupa: dzanja limamva ngati chikulimbana ndi fupalo kapena chikungotsetsereka, ndipo dokotala amasintha pomwepo, kuboola bowo locheperako m'fupa lofewa kuti kamsomali kathine, kapena kulikulitsa ndi kuthira madzi ambiri m'fupa lolimba kuti lisapse. Mphamvu yopotokolera kamsomali imawerengedwa pa chipangizo chake, ndipo palinso kachipangizo koyeza kunjenjemera kwa kamsomali komwe kamapereka nambala ya ISQ yoyambira 1 mpaka 100. Miyeso imeneyi imakhudza fupa lenilenilo, osati chithunzi chake.

Mbali imene yandichititsa kulemba kalatayi kwenikweni ndi ya matenda ofooketsa mafupa. Matendawa ali ndi muyeso wake wovomerezeka, wotchedwa DXA, umene unayamba kugwiritsidwa ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo umayeza mafupa a m'munsi mwa msana ndi a m'nyonga, pogwiritsa ntchito cheza cha mphamvu ziwiri zosiyana kuti usiyanitse fupa ndi minofu. M'chaka cha 1994 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa malire ake poyerekeza ndi mafupa a akazi achitsikana athanzi: nambala yoyerekezera imeneyi, yotchedwa T-score, ikafika -2.5 kapena kutsikirapo, ndiye kuti matendawo alipo, ndipo ikakhala pakati pa -1 ndi -2.5, mafupawo ayamba kuchepa mphamvu. Malire amenewa anamangidwa pa msana ndi nyonga chifukwa ndi kumene kuthyoka kumapundula ndi kupha anthu okalamba. Nsagwada ili ndi moyo wakewake. Imasintha chifukwa cha zinthu za m'kamwa momwemo, monga matenda a nkhama, mafinya a pansi pa dzino, kutafunira mbali imodzi, ndipo koposa zonse kuzulidwa kwa dzino, pakuti fupa la pamalo pozulidwa dzino la kumbuyo lingathe kutaya pafupifupi theka la m'lifupi mwake m'chaka chimodzi, ngakhale mwa munthu amene msana wake uli bwinobwino. Chotero ngakhale nambala ya CBCT ikanakhala yolondola ndithu, ikanangonena za malo amenewo a nsagwada, osati za nyonga.

Komatu sindikufuna kuti amene akuwerenga aganize kuti dokotala wa mano alibe gawo pa matendawa. Gawo ali nalo, ndipo ndi lofunika, chifukwa anthu ambiri amapita kukaonetsa mano kawirikawiri kusiyana ndi kukayezetsa mafupa, pamene matendawa sapweteka mpaka tsiku lothyoka. Zikuyerekezedwa kuti mwa anthu opitirira zaka 50, mayi mmodzi mwa atatu ndi bambo mmodzi mwa asanu adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa. M'chaka cha 1994 Klemetti ndi anzake ku Finland anafotokoza njira yoyang'anira khungwa la m'munsi mwa nsagwada pa chithunzi wamba cha mano onse: ngati m'mphepete mwake mwa m'kati muli mosalala, ngati mwayamba kudyeka, kapena ngati khungwa lonse lasanduka la mabowo. Kafukufuku wa m'mayiko angapo a ku Ulaya wotchedwa OSTEODENT anapezanso kuti mayi amene khungwa limeneli lapyapyala kufika mamilimita 3 kapena kutsikirapo ndi woyenera kutumizidwa kukayezedwa. Taonani kuti zonsezi ndi za maonekedwe ndi kukhuthala, zinthu zimene CBCT imaonetsa bwino, ndipo mathero ake ndi kalata yotumiza wodwala kwa dokotala wina, osati kumuuza kuti wapezeka ndi matenda.

Kulakwitsa pa nkhaniyi kumavulaza mbali ziwiri. Mayi amene anasiya kusamba, wochepa thupi, amene mayi ake anathyokapo nyonga, akauzidwa kuti makina asonyeza mafupa olimba chifukwa kamuvi kanagwera kutsogolo kwa chibwano komwe fupa limakhala lolimba pafupifupi mwa aliyense, amabwerera kwawo mtima uli m'malo, ndipo sadzaganizanso zokayezetsa. Wina amene alibe vuto akauzidwa kuti mafupa ake afooka chifukwa cha nambala yotsika ya kumbuyo kwa nsagwada ya m'mwamba, amakhala ndi nkhawa yopanda maziko, mwinanso n'kuyamba kufunafuna mankhwala. Mankhwala a matendawa, monga alendronate, zoledronate ndi denosumab, amathandiza kwambiri amene akuwafunikiradi, koma kuyambira mu 2003 zinadziwika kuti ena mwa mankhwala a mtundu umenewu angachititse fupa la nsagwada kufa, makamaka pambuyo pozula dzino, ngakhale kuti zimenezi sizichitikachitika mwa amene amamwa mlingo wochepa wa matenda ofooketsa mafupa poyerekeza ndi odwala khansa olandira mlingo waukulu. Pa chifukwa chimenechi dokotala wa mano ndiye woyamba amene ayenera kufuna kuti mankhwalawa aziperekedwa pa umboni wokwanira.

Palinso nkhani ya cheza. Munthu aliyense amalandira cheza chachilengedwe chokwana pafupifupi 2.4 mSv (muyeso wa kuchuluka kwa cheza) pa chaka, tikatenga chiwerengero chapakati cha dziko lonse. Chithunzi chaching'ono cha dzino limodzi chimawonjezera zochepa kwambiri, DXA nayonso chimodzimodzi, pamene CBCT imapereka cheza chochulukirapo kangapo kapena kambirimbiri kuposa chithunzi wamba cha mano onse, malingana ndi makina ndi kukula kwa dera lojambulidwa, ngakhale kuti nthawi zambiri chimachepa poyerekeza ndi CT ya m'chipatala. Malangizo amene bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Commission linatulutsa mu 2012 pa kagwiritsidwe ntchito ka CBCT amanena momveka kuti chithunzi chilichonse chiyenera kukhala ndi chifukwa chake pa wodwala ameneyo, pambuyo pomufunsa ndi kumupima, ndipo makinawa asagwiritsidwe ntchito pojambula aliyense mwachisawawa pofufuza matenda. Ndiye kujambula munthu ndi CBCT n'cholinga chongoyeza kulimba kwa mafupa n'kumupatsa cheza chochuluka kuti apeze yankho losadalirika, pomwe muyeso woyenera umapereka cheza chochepa. Ngati chithunzicho chajambulidwa kale pa chifukwa chomveka, monga kukonzekera kuika kamsomali kapena kuchotsa dzino lokwiririka pafupi ndi mtsempha, pamenepo ndi bwino kuchiwerenga chonse, kuphatikizapo khungwa la nsagwada, chifukwa wodwalayo walipira kale ndi thupi lake.

Pempho langa likupita kwa magulu atatu. Opanga makina ndi mapulogalamu achotse zilembo za HU pa nambala zimene sizinamangiriridwe pa madzi ndi mpweya, kapena alembe poyera kuti makina awo anayesedwa motani ndipo amalakwitsa kufika pati. Madokotala a mano, polemba zotsatira, afotokoze zimene aona, monga khungwa lopyapyala kapena m'kati mwa mabowo aakulu, ndipo akatchula nambala atchulenso makina, mphamvu ya cheza ndi kukula kwa dera lojambulidwa, kuti amene adzawerenge pambuyo pake adziwe kuti nambalayo singayerekezedwe ndi ya kwina. Wodwala amene wauzidwa kuti chithunzi cha mano chasonyeza mafupa ofooka kapena olimba afunse ngati akunena za malo oikapo dzino okhawo kapena za thupi lonse, ndipo ngati yankho likukhudza thupi lonse, apemphe kalata yokayezetsa msana ndi nyonga, atatenga mndandanda wa mankhwala onse amene akumwa, makamaka a mtundu wa steroid monga prednisolone, amene amafooketsa mafupa akamwedwa kwa miyezi yambiri.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu nthawi zonse